Mmene Pearson Anatulira Pansi Udindo ndi Mapazi

Lamulo lija lonena kuti mtsogoleri wa dziko akachoka pampando wachiwiri wake ndiye alowe, ndinalemba ndine. Ndinalembera pabondo, m'minibasi ya ku Kawale, ndi bolopeni ya kondakitala, nduna zitandigwadira pa depoti. Chabwino, ndanama. Koma Pearson, mwana wa mlongo wanga, lamulo limenelo amalidziwa ndi khungu lake, chifukwa linamuthovukira ngati mafuta a m'chiwaya.

Pearson anabadwira uchiwiri. Kwathu ku Ntcheu anali wachiwiri kwa monita wa kalasi, ku kwaya wachiwiri kwa woimbitsa. Ngakhale pobadwa, poti ndi mapasa, azamba anamumva akunena kuti, "Tsogolani achimwene, ine nditseke chitseko."

Atafika m'tauni anayamba kukazinga tchipisi pa Biwi, kutsogolo kwa bala lalikulu, pamene ziwaya zimandanda ngati ana a sukulu pa asembule. Achiwaya a pamenepo anali ndi bungwe lawo, malamulo ake a pakamwa. Chiwaya cha tcheyamani chimakhala pakhomo penipeni pa bala, pamene munthu wotuluka ndi njala ya mowa amagwera m'mbale asanaganize. Chotsatira n'cha vayisi. Zinazo zimatsetsereka mpaka ku ngalande, kumene kasitomala wodalirika ndi galu. Tcheyamani akachoka, vayisi amangokoka chiwaya chake n'kukhala pakhomo, popanda voti. Vayisi akachoka, tcheyamani amaloza ndi chipande munthu amene wamufuna, nkhani yathera pomwepo.

Pearson, mwachidziwikire, anali vayisi. Maso ake onse anali pakhomo paja.

Tcheyamani anali a Josiah, mkulu wa ku Dedza amene anayamba kukazinga tchipisi mbatata isanafike m'dziko muno. Mvula ikayandikira ankalengeza kuti atopa, akupita kumudzi kukalima. Pearson ankathamanga kukagula mphatso yotsanzikana: chaka china bulangete, china khasu, china magambutsi. A Josiah ankalandira, kugwetsako msozi, m'mawa mwake n'kuyatsa moto pakhomo pomwe paja, magambutsi ali kuphazi.

"Tcheya, thupi ladzuka bwanji?" Pearson ankafunsa tsiku ndi tsiku, mwachidwi choposa cha dokotala.

"Ngati mnyamata, a Vayisi. Mwakhumudwa?"

"Aaa, ayi, tithokoze Mulungu."

Ankathokoza atakukuta mano.

M'chaka cha 2006 kumudzi kunali kumanga chiliza cha agogo ake. Pearson anati angokaonekera n'kubwerera, koma kunali masese ndi gule wa ngoma, ndipo Mngoni akagwira chishango kalendala imasowa. Chiwaya anasiyira mkazi wake Dinah, amake Upile, amene ntchito yake inali kusenda mbatata kunyumba. Dinah anayamba zachilendo. Mbale ankatsuka ndi sopo. Mu saladi munkaoneka tomato weniweni, osati wongomva mbiri. Anthu ankabwera kuchokera ku Area 47 atamanga tayi kudzadyera pachiwaya chiimire.

Masiku amenewo pa wailesi pankamveka mkangano wa akuluakulu: kodi munthu wosabwera ku misonkhano ndiye kuti wasiya yekha udindo? A Josiah ankamvetsera, kawailesi kali kukhutu, akugwedeza mutu ngati ali m'kalasi.

Pearson atabwera ndi kathumba ka nyemba paphewa, anamva munthu akufuula kuti, "A Vayisi, tiikireni ya saladi!" Anatembenuka akumwetulira. Munthuyo ankayang'ana Dinah.

"Pearson," anatero a Josiah, akutembenuza tchipisi, "munatula pansi udindo."

"Ine? Liti? Ndi pakamwa pati?"

"Ndi mapazi. Ife tinaitana msonkhano, mapazi anu anali ku Ntcheu akuvina. Mpando unali wopanda munthu, ndiye ndinaloza amene amayatsa moto pamalopo."

"Ameneyutu ndi mkazi wanga!"

"Nanga mukulira chiyani? Udindo sunatuluke m'nyumba."

Pearson anayang'ana Dinah kuti akane. Dinah anamupatsa mpeni ndi ndowa ya mbatata.

"Mwafika bwino, bambo a Upile. Musendere kuseri, pano mukutsekereza makasitomala."

Anasenda, koma mumtima ankaseka. Nkhalamba ija siichoka. Dinah nayenso alawe za mabulangete, akatopa abweza yekha mpandowo.

Koma Dinah sanagule ngakhale mpango. A Josiah atalengeza monga mwa nthawi zonse kuti atopa, iye anangopita kwa akazi awo ku Kawale, n'kuwauza kuti lole yobweretsa mbatata imabwerera ku Dedza yopanda kanthu, ndipo dalaivala wavomera kunyamula katundu. Mayi aja anali atadikira mawu amenewa kuyambira ali ndi mano onse. Loweruka m'mawa a Josiah anadzuka n'kupeza bedi lili pa lole. Anakwera, atafunda bulangete la Pearson, khasu la Pearson lili pamiyendo, akubayibitsa Biwi yonse ngati mkwatibwi.

Masana omwewo Dinah anakokera chiwaya pakhomo pa bala. Popanda voti.

Tsopano mpando wa vayisi unalinso wopanda munthu, ndipo chipande chinali m'manja mwa Dinah. Pearson anabwereka chiwaya china, koma monga mlendo aliyense anamuika ku ngalande, kumene galu uja anamulandira ndi ulemu wonse. Chipande chikaloza wina, ndiye kuti akalambira komweko.

Kampeni inayamba. Leston, wa chiwaya chachitatu, ankabweretsera Dinah nkhuni zowaza kale, zouma moti zinkayaka ukangoziyang'ana. Ena ankatamanda chitenje chake asanachione. Pearson anali ndi mwayi woti ovota ake onse ankagona m'nyumba mwake, ndipo sanaugonere. Ankalawira kukatunga madzi ku kiyosiki, ndowa pamutu, pakati pa amayi a mu Biwi akumufunsa kuti nkhata anaphunzira kuti kupinda. Anachapa, anasesa, anabereka Upile kumbuyo, mwana woti amapita yekha ku sukulu.

"Tcheya, madzi osamba afunda," ankatero.

"Zikomo."

"Nanga nkhani ija, Tcheya?"

"Ndikufunsirabe nzeru, bambo a Upile. Udindo uwu umafuna munthu wokhazikika. Leston chibadwire sanapiteko ku chiliza."

"Leston alibe ndi kwawo komwe!"

"N'chifukwa chake sajomba."

Tsiku losankha, achiwaya onse anaima kuseri kwa ziwaya zawo, tchipisi ikupserera popanda woitembenuza. Dinah anakweza chipande. Chinayenda pang'onopang'ono, n'kuima pa Leston nthawi yokwanira kuti Pearson aonde, lamba n'kumasuka yekha. Kenaka chinatsetsereka mpaka ku ngalande.

"Inu. Bwerani pano. Koma mbale muzitsuka ndi sopo."

Pearson anathamanga ndi chiwaya chamoto pamutu, osamva kutentha. Anakhalanso wachiwiri, ndipo sindinaonepo munthu wosangalala chotero pobwerera pamene anali kale.

Ine ndinapita m'mawa mwake kukamuyamikira, komanso kukadya tchipisi ya ulere.

"Mphwanga," ndinatero nditatola yachitatu, "ukudziwa amene anakumenyera nkhondoyi? Malume ako ano. Ndinagwada pamaso pa apongozi anga a Dinah, ndikulira dzina lako, misozi mpaka kuzimitsa moto. Chipande chija chinali chitapita kale kwa Leston, ndinachikhotetsa ndine."

Pearson anakoka mbale ija pang'onopang'ono kuichotsa pamaso panga.

"Amalume, Tcheya andiuza zonse. Kugwada munagwadadi. Koma munkapempha kuti asankhe inuyo, ati munakazingapo tchipisi ku Joni. Anakupatsani mbatata imodzi kuti musende, inu munasenda chala. Tatulutsani dzanja mwabisa m'thumbalo."