Mitolo Makumi Atatu ya Asekuru

Fungo la udzu wouma likandipeza, ndimaona asekuru, bambo awo a amayi, atakhala pamwamba pa denga kwathu ku Edingeni, luzi ali nalo kukamwa, thukuta likuyenderera m'ndevu. Ankafolera nyumba yozungulira ya ine ndi amayi, poti bambo anali ku Joni. Mitambo inali itayamba kuda, udzu wa kudambo utapsa kale ndi moto wolusa. Tinali ndi mitolo makumi atatu basi, kwina kokamweta kunalibe.

Ine ndinali mtsikana wa Sitandade 6, wamakani ngati mbuzi. Aphunzitsi athu ochokera ku Dedza anali atangotiphunzitsa kupeza mlingo wa chinthu chimodzi, ndiye ndinkawerenga chilichonse. Mizere iwiri ya m'munsi itadya mitolo khumi, ndinalemba pansi ndi kamtengo. Mzere umodzi, mitolo isanu. Denga lonse mizere khumi, mitolo makumi asanu!

"Amama, udzu sukwana!" ndinakuwa. "Tinyowa chaka chonse!"

Amayi anatula ndowa, nkukhala pansi manja ali kumutu, akulira. Asekuru analavula luzi lija.

"Wawerenga bwino chomene, muzukuru. Koma wawerenga kamodzi. Ponya udzu, uwerengenso."

Ndinaponya mokwiya. Mizere iwiri yotsatira inadya mitolo isanu ndi itatu. Ndinagawa: inayi pa mzere! Iwiri inayo inadya isanu ndi umodzi: itatu pa mzere! Ndinathamanga kuzungulira nyumba ndikuyang'ana kumwamba, ndipo ndinaona zimene ndinkaona tsiku lililonse osaziganizira: denga lozungulira limaning'a likamakwera. Mizere sinali yofanana, ndiye kuchulukitsa kwanga kunali kwabodza.

"Ukuchepa, asekuru! Mlingo ukuchepa!"

"Mbwenu, uza anyoko asiye kulira."

Anansi anasonkhana, akuwerenga nane mokweza. Itatsala mitolo iwiri, panali kabowo koti mphika nkulowa. Ndinaponya umodzi, kenako womaliza. Asekuru anaupinda pansonga, anamanga, nkuimirira osagwira kanthu. Amayi analuluta mpaka mawu anasasa, ine ndikudumphadumpha ngati wopenga.

Mvula inagwa mkucha wake, denga osadontha ngakhale pamodzi.

Lero ndine namwino. Ndikayeza mwana nkupeza nambala yoopsa, sinditsegula pakamwa msanga. Ndimayezanso kaye, chifukwa ndinaliritsapo mayi wanga ndi samu yolondola ya denga lolakwika.