Tayi yofiira kuseri kwa chitseko

Kwathu kampeni inkabwera pa lole. Mayi anga ankalandira chitenje cha nkhope ya bwana, n'kuvina mpaka fumbi koboo, bwanayo osawadziwa ndi dzina lomwe. Kuno ku Dublin wofuna upulezidenti salira lole. Amangofuna kamera ndi anthu omukometsera chithunzi.

Chaka china cha chisankho, mmodzi wa opikisanawo anabwera kudzajambula kanema wa kampeni kunyumba yosamalira okalamba ku Blanchardstown, komwe ndimagwira ntchito. Mwa okalamba anga munali bambo ena, kale oyendetsa basi, amene sitiroko inawapotoza pakamwa. Tsikulo analawirira kundivutitsa kuti ndiwamange tayi yofiira. Ati moyo wawo wonse ankangoonera anzawo pa TV, lero ndi lawo.

Ojambula atafika anayamba kusankha anthu ngati tomato pamsika. Agogo a tsitsi lokongola kutsogolo, ine pambali pa bwana, paja nkhope yakuda mu yunifolomu imakometsa kanema. Koma bambo aja anawakankhira kuseri kwa chitseko pa njinga yawo ya olumala. Iwo anangoyamba kumasula tayi ndi dzanja limodzi lomwe linkagwirabe. Mtima wanga unawira.

Mnzanga wa ku Zambia anandinong'oneza kuti, "Iwe sisi, osapanga drama, ba manager balipo."

"Ine si decoration, asisi," ndinamuyankha.

Ndinachoka pomwe anandiimika, n'kupita kuseri kwa chitseko komweko kukamanganso tayi ija. Mtsikana wotsogolera ojambula anabwera kudzandinyengerera. Ndinamuuza mwaulemu kuti akafuna nkhope yanga atenge zonse ziwiri, yanga ndi ya bambo aja. Apo n'kuti abwana anga a pantchito atanditong'olera maso. Ojambula aja ananong'onezana, nthawi ikuwathera, mpaka anagonja.

Kanemayo atatuluka tinaonera tonse m'chipinda chochezera. Zomwe analonjeza wopikisana uja ndinaiwala kalekale. Ife tinangooneka pang'ono, ukaphethira watiphonya. Koma bambo aja anamenya njinga yawo ndi chikhatho, misozi ili chuchuchu, kuloza TV kuti aliyense aone. Ndimanyada nazo mpaka lero, ndipo sindibisa. Mayi anga ankavina pomwe awaimika, ine ndinakaima pomwe ndinafuna.

Bambowo atamwalira, mwana wawo anabwera ndi matayi angapo kudzandifunsa yoti awaveke. Sindinachite kuganiza.