Nyumba Imene Ndinaisankhira pa Maliro

Ejenti amene ankandionetsa nyumba zogulitsa anatopa nane tili ku Biwi. Anaima pakati pa msewu, n'kuvula chipewa, n'kundifunsa kuti, "Mayi, tandiuzani zoona. Inuyo mukufuna nyumba kapena mukufuna maliro?"

Bamboyo sankalakwa. Kulikonse kumene tinkapita, ndikangoona masamba atayalidwa pamsewu kusonyeza kuti kutsogoloko kwagwa zovuta, ndinkamusiya ali chilankhulire za malata ndi mapaipi. Ndinkamanga chitenje changa bwinobwino, ulendo wa kusiwa kwa anthu oti sindinawaonepo chibadwire.

Zinali zaka zoyambirira za m'ma 2000. Anali atangondisamutsira ku Lilongwe pa ntchito kuchokera ku Zomba, kumene ndinkatayipa makalata mu ofesi ya boma. Mwamuna wanga anali atamwalira, ndipo abale ake anatenga zimene anatenga, ndi nsapato zomwe. Zimene zinawakanika kulanda ndi ndalama za kuntchito kwake, ndipo ndinalumbira kuti zimenezo zigula nyumba basi. Ndinali ndi ana awiri, mtsikana wa kupulayimale ndi kamnyamata koti kanali kasanayambe sukulu. Tinafikira kwa msuweni wanga ku Chilinde, tonse m'chipinda chimodzi.

Panali chinthu chimene ejentiyo sankadziwa, ngakhale msuweni wanga yemwe. Mwamuna wanga atamwalira ndinakayezetsa magazi, ndipo anandipeza ndi kachilombo. Masiku amenewo mankhwala anali a anthu a ndalama zawo. Enafe ankangotiuza kuti tizidya bwino ndi kupemphera. Thupi langa linali lisanandiulule. Ndinali wonenepa ndithu, moti makondakitala a minibasi ankandinena kuti ndizilipira mipando iwiri. Koma ndinali nditaona mmene bambo wa ana anga anathera, ndipo ndinkadziwa kuti njira yake ndi yomweyo. Ndinkaopa kwambiri, osati kufako kwenikweni, koma mmawa wotsatira, ana anga atadzuka.

Kwathu ku Chiradzulu kunalibe wowalandira. Amayi anali atatsogola kale, ndipo mlongo wanga, amene mwamwambo ndiye mwini mbumba, kachasu anamutenga ali moyo. Choncho ine sindinkayang'ana makoma. Ndinkayang'ana mayi woyandikana naye nyumba, woti tsiku limenelo likadzafika ana anga adzangodutsa mpanda. Nanga munthu wotere ungamufunse ejenti? Ndipo munthu sungamudziwire pa ukwati, paja pamenepo aliyense amakhala wabwino. Ndinaganiza zoti ndizikaona mmene dera lililonse limasungira ana a malemu, mtembo ukadali m'nyumba.

Maliro sankasowa. Amisiri amene kale ankakhoma mipando m'mbali mwa misewu anali atayamba kukhoma mabokosi, aakulu ndi aang'ono, n'kumawayanika poyera ngati tomato.

Ku Kawale ndinapeza nyumba yoti ndikanagula maso ali chitsinzinire. Inali ya njerwa zootcha, madzi m'nyumba momwe, sukulu pafupi, kutauni koyenda wapansi. Kuseri kwa mzere womwewo kunali maliro a bambo wina amene mkazi wake anali atamwalira kale. Amayi anaimba bwino kwabasi, ufa unasonkhedwa wokwanira, amfumu a m'deralo analankhula zogwira mtima. Ine ndinazungulira kuseri ngati ndikufuna chimbudzi. Ndinapeza ana a malemuwo atakhala pamwala wochapira, milomo itauma. Aliyense wodutsa ankawagwira pamutu n'kunena kuti, "Pepani ana inu," n'kumapitirira. Palibe anawafunsa ngati alawa kanthu. Nyumba ija ndinaikana, ndipo ejenti anandiyang'ana ngati ndapenga.

Ku Biwi abale ankalimbirana firiji nyimbo zili mkati, anthu oyandikana nawo akungosuzumira pamipanda. Ku Chinsapo ndi ku Mgona sindinganame, anthu ake anali a mtima, koma aliyense anali atasenza kale ana a mbale wake, moti ndikanawonjezera anga kukanakhala kuwalakwira. Ku dera la 25 ndinakhala pamaliro masana onse osadziwa kuti ana a malemu ndi ati.

Kenako tinapita ku dera la 23. Nyumba imene ejenti anandikonzera sindinalowemo n'komwe, chifukwa masamba anali pomwe tinatsikira minibasi. Amene anamwalira anali mayi wa ku Nsanje wogulitsa nsomba zouma, ndipo abale ake anali asanafike chifukwa cha kutalika. Ndinakhala pang'ono ndi amayi m'nyumba, kenako ndinazungulira kuseri monga mwa chizolowezi changa.

Kumeneko ndinapeza mayi wamtali, wa mawu asasa, atawerama pabeseni. Ankasambitsa ana awiri a malemuwo, kuwakwecha zidendene ndi mwala ngati mawa ndi Khirisimasi. Atawadzoza mafuta anawakhazika pamkeka n'kuwapatsa phala. Wamkulu anakankha mbale.

"Iwe, usandionetse zachilendo," anatero mayiyo. "Amako amwalira, inde, koma mimba yakoyo sinamwalire. Tsegula pakamwa."

Mwanayo analira, koma anadya mpaka kunyambita supuni. Ine mtima unakhala pansi koyamba chimwalirireni mwamuna wanga. Mwana wamasiye aliyense amamumvera chisoni, chisoni sichivuta. Koma womukalipira ndi yekhayo amene wamutenga ngati wake.

Ndinafunsa mayi wina amene ankatsuka mbale kuti ameneyu ndani. Anati ndi wamasiye, amagulitsa kaunjika pamsika wa Chilinde, ali ndi ana atatu, ndipo amakhala nyumba yachitatu kuchokera pamenepo. Anawonjezera yekha kuti nyumba yoyandikana nayo akuigulitsa, mwini wake anamwalira.

Titakaiona, ejenti anagwira pakamwa. "Mayi, ili ndi khola," anatero. Sankanama. Malata anali obooka, chimbudzi chili panja, madzi okatunga ku kiyosiki. Pakhoma panali misomali pamene malemu ankapachika zithunzi, ndipo pansi pa msomali uliwonse laimu anali woyera kuposa pena ponse. Sindinakonde kuyang'ana pamenepo, koma ndinagula.

Titangolowa ndinayamba ntchito yanga. Mchere ndinali nawo, koma ndinkatuma mtsikana wanga kuti akapemphe kwa aneba, mayi wamtali uja. Machesi anali pawindo, koma kamnyamata kanga kankapita kukapala moto. Ndinkafuna mapazi awo azolowere njirayo, ndipo nayenso azolowere nkhope zawo. Posakhalitsa ankawakalipira ngati ake, ine ndikumva ndili kuno, n'kumasekera mumtima. Ana akenso sankachoka pakhomo panga. Lero akufuna lichero, mawa wamkulu wabwera ndi masamu omuvuta, mkuja wamng'ono wagona pampando wanga ndipo amake akuti, "Musiyeni aneba, ndimutenga mawa." Ndinkangoti ndi mmene anthu a kuno amakhalira.

Tinakhala choncho mpaka mashingozi, matuza aja otuluka thupi likayamba kufooka, ananditulukira kumsana. Ndinabisa ndi bulauzi, koma ndinadziwa kuti nthawi yolankhula yakwana. Mawu ndinawakonza ndili pa minibasi, ndinawakonzanso ndikutayipa kuntchito, ndipo nthawi zonse ankathera pakhosi.

Loweruka lina masana tinakhala pakhonde pake tikusankha nyemba, ana onse atapita kukaonerera mpira pabwalo la sukulu. Ndinalimba mtima.

"Aneba, ndili ndi nkhani."

"Inenso ndili nayo," anatero osadzutsa mutu. "Ndiyambe ine, chifukwa ndikakuyembekezani ndibwerera nayo."

Anandiuza kuti nyumba yangayo panali bambo wina amene ankaifuna kuti atsegulepo bala yogulitsira mowa, ndipo anali wokonzeka kupereka zambiri kuposa ine. Iye ndi amene anakagwada kwa abale a malemu kuti agulitse kwa ine. Anati tsiku la maliro lija anandiona. Anaona mayi wachilendo, wovala ngati wa pa ntchito, ataima kuseri kwa nyumba osayang'ana miphika, osayang'ana katundu, maso ali pa ana.

"Ndinati mumtima, Mulungu wandiyankha. Munthu wake ndi wa chifundo, ntchito ali nayo, komanso thupi lake taonani, ndi wathanzi." Anakankhira nyemba zofumbwa pambali. "Aneba, ine amuna anga anandisiyira matenda aja. Kwathu ku Ntchisi kulibe woti angandisungire ana. Ndimafuna ndikupempheni."

Ndinayang'ana khosi lake, ndinayang'ana mikono yake, ndipo ndinaona zimene ndinkakana kuona miyezi yonseyo. Ndinkati ndi wowonda chibadwire. Ndinkati mawu asasawo ndi oitanira malonda pamsika.

"Nanga yanu ija?" anandifunsa.

Ndinangotembenuka n'kukweza bulauzi kuti aone kumsana kwanga.

Anayang'anitsitsa kumsanako. Kumpira kuja anthu anakuwa, wina atagoletsa. Kenako aneba anaseka, kuseka koipa kopanda mawu, mpaka kunasanduka chifuwa. Ine ndinali ndi mkwiyo, sindibisa. Ndinakwiyira iyeyo, ndinakwiyira Mulungu, ndinakwiyira nyumba yodonthayo. Lilongwe yense uyu, ine n'kukasankha munthu woti nayenso akufunafuna womusiyira ana.

Chifuwa chitatha anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Basi aneba, zachitika," anatero. "Amene atsale, onse asanuwo ndi ake."

Kuyambira tsiku limenelo tinkalonderana. Mmawa uliwonse ndinkatchera khutu kuti ndimve tsache lake pabwalo, ndipo likachedwa ndinkatuluka ndi mtima uli m'mwamba. Nayenso akaona chitseko changa chili chitsekere ankagogoda pawindo. Ndikagula mazira ndinkamupatsa, akapeza chiwindi ankandigawira, ndipo tinkakakamizana kudya mokalipirana. Aliyense ankafuna mnzake akhale moyo kuposa iye mwini. Ena angati chimenecho ndi chikondi. Chinalipo, koma mantha ndi amene anali ambiri.

Mvula itayamba iye anagwa. Mbiri yoti mankhwala aulere ayamba kuperekedwa inatipeza atagona kale pamphasa, miyendo itatupa. Ndinamunyamula pa galimoto ya hayala kupita naye kuchipatala, ndipo anamulandira bwino, koma thupi linali litatha. Anamwalira masana, ine nditapita kukamugulira nthochi zimene anapempha.

Abale ake anabwera kuchokera ku Ntchisi. Anatenga bedi, mabelo a kaunjika ndi wailesi, nyumba n'kuikamo alendi. Za ana anati akakambirana kumudzi, adzatiuza. Sanabwerenso.

Ine mankhwala aja ndinawapeza, ndipo ndi amene andifikitsa lero. Koma nthawi imeneyo palibe ankadziwa ngati agwiradi ntchito, kapena ngati sadzasiya kubwera. Ndinali ndi ana asanu m'zipinda ziwiri, ndipo kumbuyo kwanga kunalibenso munthu. Alendi a m'nyumba ija anali anyamata ogwira ntchito ku Kanengo, ochoka mbandakucha. Maliro ndinkapitabe, koma kuseri kwa nyumba ndinasiya kuzungulirako.

Tsiku lina ndinabwera kuntchito mutu ukundiwawa, ndinagona pampando nsapato zili kuphazi. Nditatsegula maso ndinapeza mwana wamng'ono wa aneba aja, kamtsikana koti kanali katangoyamba sukulu, ataima pafupi akundiyang'anitsitsa pachifuwa kuti aone ngati ndikupuma.

"Amayi," anatero, chifukwa anali atayamba kunditchula choncho, "inuyo mukadzadwala, ife tidzapita kwa ndani?"

Ndinafufuza m'mutu mwanga dera lonse la 23, nyumba ndi nyumba, ndipo sindinapeze munthu woti ndimutchule. Ndinamukokera pamiyendo panga n'kumuuza kuti ndi mutu chabe, ine sindipita kulikonse. Anangondiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa amayi akenso anamuuza mawu omwewo.