Liwu Limodzi, Mapulagi Anayi

Akulu anga ndi telala, ndipo sakhulupirira kuti pali chinthu chimene chingakanike munthu wodziwa kuphwasula n'kusokanso. Makina awo osokera ali pakhonde lakuseri, moyang'anizana ndi kashedi ka malata momwe mumagona galimoto ya amuna awo, alamu anga. Zaka zonse za ukwati wawo panali malire pakati pa khondelo ndi kashediko. Alamu sankagwira sizasi, akulu sankagwira sipanala, ndipo banja linkayenda.

Alamu anayendetsa malole mpaka kupuma pantchito. Galimoto yawoyo ndi yakale, yobiriwira mozilala, chitseko chakumbuyo chimatseguka ndi wochidziwa yekha. Ankaikonza okha, makaniko akaima pageti ankamuyang'ana ngati wakuba. Analinso munthu wolongolola zedi. Ukawapatsa moni uli pachangu, unkangodziwiratu kuti basi yakusiya.

Ndiye munthu wotero n'kumugwira sitiroko. Dzanja lamanja linafa, mwendo n'kumachita kuukoka, koma chimene chinandiwawa ine kwambiri ndi pakamwa. Mawu onse aja anathawa, kunangotsala limodzi: "bwino". Ukawafunsa mmene agonera, bwino. Tiyi akawawotcha, bwino. Mwayi wake linatsala liwu lolemera. Pajatu bwino amatanthauza kuti zili bwino, amatanthauzanso kuti samala, ndipo nthawi zina amangotanthauza kuti osati lero. Akulu ankadzitama kuti onsewa amawasiyanitsa. "Ine ndakalamba nawo anthuwa," ankatero. "Bwino wawo aliyense ndimamudziwa ndi kwawo komwe."

Galimoto ija inali itayamba kale kutsokomola alamu asanadwale. Anali atagula mapulagi atsopano, n'kuwasiya m'kabokosi pashelefu, akuti asintha akapeza mpata. Mpatawo sunapezeke. Akulu, amene anaphunzitsidwa kuyendetsa ndi amuna awo omwewo mokangana njira yonse, ndiwo anayamba kuwatengera kuchipatala kokawongola dzanja ndi mwendo. Galimoto inkapita ikudukiza, kuzima pamphambano, mpaka tsiku lina m'mawa inakaniratu. Minibasi alamu sangakwere. Ulendo wa kuchipatala unathera pomwepo.

Apa m'pamene anatulukira mng'ono wawo wa alamu, amene tonse timawatchula a Zachangu. Si munthu woipa ayi, kungoti amayankha funso usanamalize kufunsa. Anaima pamaso pa mkulu wawo n'kumakuwa ngati akuyankhula ndi gonthi.

"Achimwene, galimotoyi yatha! Ikungodya malo. Ndapeza munthu woti aitenge akaphwasule zitsulo. Tiigulitse, eti?"

"Bwino!" anatero alamu, maso ali psuu.

"Mwamva nokha, alamu, avomera," anatero a Zachangu kwa akulu anga.

"Bwino ameneyo ndi wokana," anatero akulu.

"Aa, alamu, bwino ndi bwino basi. Loweruka masana ndibwera naye munthuyo ndi chingwe."

Ine nditamva zinandinyansa. Munthu ali moyo, akuona, akumva, inu n'kumagawa zake pamaso pake. Kuyambira tsiku limenelo alamu anasiya kutuluka panja. Ankangogona chopenya kukhoma, ndipo kampira kamene anawapatsa kuchipatala kuti azifinya anakagwetsera kunsi kwa bedi.

Loweruka m'mamawa akulu anandiimbira foni. "Iwe, bwera udzandigwirire boneti. Kachitsulo koichirikiza kanathyoka kalekale." Ndinawapeza atavala ovolo ya amuna awo, manja ake atapinda katatu, tepi yoyezera ili m'khosi mwachizolowezi. Anali atawatulutsa alamu mokakamiza n'kuwakhazika pampando pabwalo, chapatali pang'ono ndi kashedi. Akulu atatsegula bokosi la masipanala, alamu anabuula ngati awaponda chala.

"Musadandaule, bambo, ndikubwezerani zonse," anatero akulu. "Inu muzingondiuza."

Ndinanyamula boneti, akulu n'kulowetsa mutu, msana atalozetsa kwa mphunzitsi wawo. Pamwamba pa injini panali mawaya anayi onenepa, iliyonse yochoka pa kachipewa kamodzi kozungulira n'kupita pa pulagi yake. Tsono telala akapatsidwa chovala choti akonze, amayamba waphwasula chonse, n'kuchiyala patebulo kuti achione bwinobwino. Akulu anazula waya yoyamba.

"Bwino," anatero alamu.

Anazula yachiwiri, mbali zonse ziwiri.

"Bwino!"

"Ukumva, iwe? Akundiyamikira," anatero akulu, mutu uli m'kati momwemo. Anazula yachitatu ndi yachinayi, n'kuziyala pamwamba pa tayala mooneka bwino, yaitali kuno, yaifupi uko.

"Bwino! Bwino! Bwinooo!"

Ine ndi amene ndinayang'anizana nawo alamu, ndipo nkhope imene ndinaona sinali ya munthu woyamikira. "Akulu, tatembenukani," ndinatero.

Anatembenuka. Alamu anali atagwira mutu ndi dzanja lamoyo lija. Tinadziwa pambuyo pake kuti mapulagi amasinthidwa imodziimodzi, chifukwa waya iliyonse ili ndi bowo lakelake pa kachipewa kaja, ndipo ukazisokoneza injini siilira ngakhale uigwadire. Akulu anayang'ana mawaya, anayang'ana mabowo, ndipo onse anali ofanana ngati mabatani a malaya amodzi. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mwambiwu unafika pakamwa panga, koma ndinaumeza, chifukwa akulu anali atakhala pansi, manja lende.

"Ndaipha ndekha," anatero motsitsa mawu. "Asanabwere n'komwe a chingwe, ndaipha ndekha."

Sindinawaonepo akulu anga atataya mtima chotero, ndipo ndinachita mantha. Kenako tinamva mpando ukukhwekhwereza. Alamu anali atatsamira ndodo yawo, akudzikoka kuti aime. Ndinafuna kusiya boneti kuti ndikawagwire.

"Gwira boneti yako," anatero akulu osandiyang'ana. "Asiye."

Kuchoka pampando kufika pakashedi si patali, koma ulendowo unatenga nthawi. Ndodo patsogolo, mwendo wamoyo, kenako winawo ukubwera pambuyo ukulemba mzere pafumbi. Mikono yanga inkawawa ndi kulemera kwa boneti, ine osayerekeza kudandaula. Atafika anatsamira mimba pagalimoto, thukuta lili kamukamu, n'kuyang'ana injini yawo nthawi yaitali. Kenako anawakodola akazi awo ndi chala.

Ntchito inayambiranso, koma tsopano akulu sankagwira kanthu asanawayang'ane amuna awo kumaso. Alamu analoza fumbi lozungulira mapulagi n'kuuzira mpweya pakamwa, akulu n'kuthamangira kukatenga kaburashi kotsukira makina osokera. Pulagi yoyamba inatuluka yakuda bii, yodzaza mwaye, kunsonga kwake kutadyeka. Akulu anaika yatsopano pabowo n'kutenga sipanala, koma alamu anawamenya kambama kakang'ono padzanja. Anawaonetsa zala ziwiri zikupotokola m'malere.

"Oo, ndiyambe ndi zala, ilowe yokha osaikakamiza?"

"Bwino," anatero alamu mofatsa, ndipo ameneyu ngakhale ine ndinamumva.

Sipanala inkabwera pomalizira, kungokhwimitsa pang'ono, alamu n'kukweza dzanja kuti basi. Choncho mpaka onse anayi analowa. Panatsala mawaya aja. Alamu ankatola imodzi ndi dzanja lamanzere, kuiika pabowo lake, koma mphamvu yokanikiza analibe, ndiye akulu ankaika dzanja lawo pamwamba pa la amuna awo n'kudina mpaka imveke kuti thwa. Pa yachitatu alamu anaima. Anatseka maso, milomo ikugwedera popanda mawu, chala chikuzungulira pa kachipewa kaja. Atatsegula maso anasuntha wayayo kuipititsa pabowo lina.

Akulu anapukuta manja pa ovolo n'kukhala pachiwongolero. Atapotokola kiyi, injini inatsokomola kamodzi, kawiri, kenako inagwira. Inalira mosalala, mosadukiza, malata a kashedi n'kumanjenjemera. Ndinatsitsa boneti ndikuseka ndekha ngati wopenga.

Ikulira choncho, pageti panalowa a Zachangu ndi munthu wawo uja, chingwe chili paphewa. Anaima kakasi, koma a Zachangu sakhala kakasi nthawi yaitali.

"Eee, yadzuka? Ndiye zakhala bwinotu, ipita yokha popanda chokoka! Achimwene, tiigulitse ikadali ndi moyo, mawa idzafanso. Si choncho?"

Alamu anali chiimire, dzanja lili padenga la galimoto. Pakamwa pawo panayamba kulimbana. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mlomo wakumanja ukukana kutsatira unzake. A Zachangu anatsegula pakamwa kuti awayankhire, koma akulu anatuluka m'galimoto n'kuwakwezera dzanja lakuda ndi girisi. Tinadikira tonse.

"A... a... ayi."

Linatuluka lopindika, lolemera, koma linali lomveka mpaka pageti. Munthu wa chingwe anayang'ana pansi n'kuyamba kuchikulunga. A Zachangu, ndiwanenere zoona, maso awo anadzaza misozi. "Achimwene, mwayankhula," anatero, ndipo za galimoto sanazitchulenso.

Akulu anafika pafupi ndi amuna awo, nkhope yonse ili mawangamawanga a oyilo, akuseka ndi kulira nthawi imodzi. Sindinaonepo mkazi akukondwa chotero pomva mwamuna wake akukana.

"Tanenaninso, bambo. Mwatopa? Mukufuna mpando?"

"Ayi."

"Ndikupangireni tiyi?"

"Ayi."

"Ine ndine makaniko wabwino?"

"Ayi!"

Akulu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Kenako anapukuta m'maso ndi mkono wa ovolo n'kufunsa ngati azimitse injini, poti mafuta akupita pachabe. Alamu anapukusa mutu, khutu atatchera ku boneti, ndipo anakananso. Tinaisiya ikulira.