Ahedi ndi Mapepala Asanu ndi Anayi

M'zaka za m'ma 1990 ndinagwirapo ntchito pa kakampani kolemba mapulogalamu a kompyuta ku Chipata. Tinalipo antchito anayi, makompyuta atatu, ndi abwana amene sankadziwa ngakhale poyatsira. Anali mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, wophunzira kumishoni, ndipo kampaniyo anaitsegula chifukwa mwana wawo wa ku Lusaka anawauza kuti tsogolo lili m'makompyuta. Ankafuna tiziwatchula kuti ahedi. Belu la kusukulu anabwera nalo, moti ife, anthu a ndevu zathu, tinkadikira kuti lilire tisanapite kukadya.

Popeza sankamvetsa zomwe tinkalemba, anapeza njira yawoyawo yoyezera ntchito. Lachisanu lililonse aliyense ankasindikiza pulogalamu yake, ahedi n'kumawerenga mapepalawo limodzilimodzi, chala atanyowetsa ndi malovu. Wa mapepala ambiri ndiye anali wakhama. Akakupeza uli phee, ukuganiza, ankagogoda tebulo ndi cholembera chofiira.

"Pano si pa siteshoni ya basi, bambo. Zala zigwire ntchito."

Tinaphunzira msanga. Chinthu chofunika mizere itatu tinkachilemba mizere makumi awiri. Pa bodza limeneli ine ndinali katswiri, ndipo ndinkanyamuka kwathu ku Nabvutika m'mawa uliwonse ndikudziwa kuti ndikupita kukaseweretsa zala basi. Tinasiyanso kuthandizana, chifukwa kuonetsa mnzako njira yachidule kunali kumuchepetsera mapepala.

Mmodzi yekha ndiye anakana kupusa nafe: mayi wina wa ku Chiparamba, wosayankhulayankhula, amene ankalera yekha ana awiri podalira ntchitoyo. Ahedi anamupatsa kuti akonze pulogalamu yosonkhanitsa malikisi a ana a pasukulu ina ya sekondale. Ndinailemba ndine, mapepala makumi anayi, ndipo inkasokoneza mayina mpaka mwana wolephera ankatuluka nambala wani. Mayiyo anakhala masiku atatu akungoiyang'ana, kenaka anafufuta pafupifupi zonse. Anatsala mapepala asanu ndi anayi, ndipo pulogalamuyo inayamba kuyenda bwinobwino.

Lachisanu ahedi anawerenga kawiri, n'kutiitana tonse.

"Amayi, mapepala makumi atatu ndi limodzi a kampani ali kuti?"

"Anali osafunika, ahedi. Tangoiyesani muone."

"Ine ndiyese? Ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu, ndipo wolemba mizere iwiri pamayeso sindinamupatsepo mphoto. Lomba mwawononga katundu wa kampani, mukufuna ndikuombereni m'manja?"

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Inu bambo, amene munailemba, tanenani. Kakafupi aka n'kabwino kuposa yanu ija?"

Yankho ndinkalidziwa. Dzulo lake ndinali nditaiyesa ndekha, ndipo ndinagwidwa ndi manyazi osakanikirana ndi nsanje. Koma ndinkadziwanso kuti ndikavomera, mapepala anga a chaka chonse asanduka zinyalala pamaso pa ahedi. Mayiyo sanandiyang'ane n'komwe. Ankaona ngati palibe chodetsa nkhawa, popeza afunsa munthu wodziwa.

"N'zovuta kudziwa, ahedi," ndinatero.

Tsiku lomwelo ahedi anamulembera mayiyo kalata yomuchotsa ntchito, ya Chingerezi chosalala, yonena za ulesi ndi mwano. Mayiyo anatola kachikwama kake n'kutsanzika aliyense mwaulemu, ndi ine ndemwe.

Ndinalamulidwa kubwezeretsa zomwe anafufuta. Sindinabwezeretse kanthu. Ndinatenga ntchito yake ija n'kuthiramo mizere yachabechabe imene kompyuta imangoidumpha, mpaka mapepala anakwana makumi asanu. Akusukulu anayamikira kwambiri. Ahedi anandigwira chanza pamaso pa anzanga awiri otsalawo, n'kuwauza kuti atengere chitsanzo. Kuyambira pamenepo palibe amene anayesanso kukonza chilichonse muofesimo.

Ahediwo ndimawanyoza mpaka lero, ndipo n'zowayenera. Munthu wosadziwa ntchito amafunsa, koma iwo anasankha kulamulira umbuli wawo uli chikhalire. Chovuta n'chakuti tsiku limodzi lokhalo anafunsadi, ndipo anafunsa ine.

Patapita miyezi ingapo ndinakumana naye mayiyo pamsika, akugulitsa mtedza wa kwawo. Ndinafuna kulambalala, koma anali atandiona kale.

"Achimwene, mwaswera bwanji? Ija ya kusukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda bwino kwambiri, achemwali."

Anagwedeza mutu, n'kupitiriza kupima mtedza m'kambale.

"Mukanangonena choncho tsiku lija."