Tianthu ta M'mizere ya Mtedza

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anabwera ku holide ya Khirisimasi ndi katundu wake yense. Ndinaona atangotsika pa kabaza: chikwama cha zovala, bulangete, ndowa, ngakhale mbale ndi kapu zimene amazisiya ku koleji chaka chonse. Mayi ake anamuthamangira. Ine ndinangoyang'ana ndowayo.

Anali m'chaka chomaliza, akuphunzira za makompyuta ku Lilongwe. Tsiku lachitatu, tikupalira mtedza, anaimika khasu.

"Ababa, Januwale akubwerayu sindibwerera kusukulu."

"Chifukwa?"

"Pulojekiti yanga aikana. Ndipita kwa azakhali kumalire a dziko, ndikawathandize kugulitsa mafoni."

Ndinati timalize kaye mzere. Titaweruka ndinamuuza kuti andionetse chinthu chimene akanacho.

Tinakhala pakhonde, iye n'kutsegula laputopu. Inali gemu, masewera a pakompyuta, ndipo anaipanga yekha. Munali tianthu titatu, kabambo, kamayi ndi kamwana, tating'ono ngati njere za mtedza. Udzu unali ngati mitengo. Wosewera amayenera kutiyendetsa ndi mabatani kuti tipeze chakudya, madzi ndi pogona, tizilombo tisanatidye. Kabamboko kanali ndi mkondo wa munga.

Mphunzitsi wake anali atanena ziwiri. Choyamba, gemuyo inali yosatha: tianthuto tikangodutsa pa mwala woyamba, galasi limada. Chachiwiri, anati ikufanana ndi magemu akunja amene alipo kale, kapinga wometa bwino ndi akangaude a pa intaneti. Anamupatsa mpaka tsiku lotsegulira sukulu kuti abwere ndi gawo limodzi lokha, loseweredwa kuchokera poyambira mpaka pothera, komanso looneka kuti ndi lake. Apo ayi abwereze chaka.

"Masabata atatu, Ababa. Sizingatheke."

"Ndisewereko."

Anaseka kwa nthawi yoyamba chibwerereni. Zala zanga ndi za khasu, batani limodzi ndimadina awiri. Kabambo kanga kanagwera m'madzi, kanagunda mwala, kenako kangaude anakanyamula. Koma ndinaonamo zimene mphunzitsiyo anaona. Malo amenewo sindinawadziwe. Sanali a kwathu kuno ku Mkanda, ndipo sindikhulupirira kuti anali a kulikonse.

"Bwanji osawaika m'munda mwathumu anthu akowa?"

"Ndilibe zithunzi. Ndiponso sindidziwa mmene tizilombo ta kuno timayendera."

"Iwe uzipanga za m'kompyutazo. Za m'munda ndisiyire."

Sanavomere, sanakane. Kwa ine zimenezo zinakwana.

Ndinalonjeza mosaganiza bwino. Zaka khumi ndi ziwiri ndinali kapitawo wa opopera mankhwala pa esiteti ya fodya. Ndimadziwa mlingo wopha nsabwe za m'masamba, ndi nthawi yopopera mbozi. Kupha ndimadziwa. Koma mwana atandifunsa kuti nkhululu ikamakumba imataya dothi mbali iti, ndinalibe yankho. Bongololo akakumana ndi nyerere amatani? Sindinadziwe.

Ndiye ndinayamba kupita kumunda ndi foni yake. M'mawa ndimapalira monga mwa nthawi zonse. Dzuwa likakwera ndimayala thumba la feteleza pakati pa mizere, n'kugona chafufumimba, chibwano pansi, kuti ndione monga mmene kamunthu ka msinkhu wa njere kangaonere. Kuchokera pamenepo mzere ndi phiri. Tsamba la mtedza ndi denga. Mvula ikagwa pang'ono, khwawa la pakati pa mizere limasanduka mtsinje wokokolola chilichonse. Ndimajambula, ndipo zimene foni sinathe kugwira ndimalemba m'kope: chiswamphika amadikira osagwedezeka, agang'a a chiswe amatuluka chulu chikangobooka, nyerere ikapeza chakudya imabwerera kaye kukaitana zinzake. Tizilombo tina ndimatiika m'botolo kuti akationere pafupi.

Iye amalandira zonsezi n'kumajambula pa laputopu. Pofika kumapeto kwa sabata yoyamba kapinga anali atachoka, m'malo mwake muli mizere yofiira ya dothi lathu. Koma amagwirabe ntchitoyo ngati munthu wolima munda wa eni. Kawiri ndinamumva akuyankhula ndi azakhali ake pafoni za malo ogona.

Ku malire a munda wathu kuli chulu, ndipo kuseri kwa chulucho kumayambira munda wa aneba. Anebawa ndi bambo wamkulu kuposa ine. Anabwera kuchokera kummwera ngati tenanti wa pa esiteti ya fodya, n'kukwatira m'mudzi mwathu. Pansi pa chulupo ndi pamene ndinapeza njira ya linthumbu, nyerere zofiira zija zoyenda pamzera ngati asilikali. Mwana wanga anali atasankha kuti gawo lake lithere pamenepo: tianthu tikapulumuka ku linthumbu, gawo latha. Choncho masiku atatu otsatizana ndinagona m'malire momwemo, ndi botolo ndi kope.

Tsiku lachinayi mayi akunyumba anabwera kuchokera ku mjigo nkhope ili gwaa.

"Bambo, mwatchuka."

"Ndatani?"

"Akuti mukukwirira mankhwala m'malire. Akuti mtedza wa aneba muukokera m'munda mwanu. Wina wakuonani mukuyankhula ndi botolo."

"Ndimawerenga miyendo."

"Kawauzeni zimenezo ku mjigo, muone ngati zikuthandizeni. Inu ndinu mkulu wa mpingo. Siyani."

Nkhani ngati imeneyi kwathu siiseketsa. Munthu akakuganizira kuti wamukokera mbewu, chaka chimene sakolola bwino mlandu ndi wako, ndipo ana ako amakula nawo. Ndinaziganizira. Koma linthumbu linali lisanandionetse mmene limachitira likakumana ndi chotchinga, ndipo masiku anatsala khumi ndi limodzi. M'mawa mwake ndinapitanso.

Ndili chigonere ndinaona mapazi awiri ong'ambika patsogolo panga.

"Aneba, mwadzuka bwanji pansipo?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu."

"Ine ndadzuka choimirira. Mwataya chiyani m'malire mwangamu? Tikuthandizeni kufuna."

"Sindinataye kanthu."

"Nanga m'botolomo?"

Ndinadzuka, n'kuwapatsa. Anayang'ana nyerere zisanu zimene zinali m'katimo, kenako anandiyang'ana ine. Ndinaona kuti zafika poipa kuposa kale. Kufotokoza sindidziwa. Ndinangoti, "Tiyeni kunyumba mukaone nokha."

Anabwera, khasu lili paphewa, n'kukhala kumapeto kwa mpando ngati munthu wokonzeka kuthawa. Mwana wanga anawagwadira moni, kenako anawaikira laputopu pamiyendo. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ichi ndi chulu changa ichi."

"Ndi chomwecho, agogo."

"Ndi kamtengo kakenso. Iii! Nanga tianthuti ndi ta ndani?"

"Ndi tanu. Dinani apa tiziyenda."

Anadina. Tianthu tinatsika mzere, tinawoloka khwawa pa phesi la chimanga. Kenako linthumbu linatulukira. Mwanayo anawaonetsa batani lobayira. Anabaya imodzi, zina makumi n'kukwera pa kabambo. Galasi linalemba kuti afa. Anayesanso, n'kufanso. Ine ndinali nditafa pamalo omwewo kosawerengeka, ndipo ndimaganiza kuti vuto ndi zala zanga.

Aneba anakankha laputopu pang'ono.

"Mwanawe, kusukulu kwanuko linthumbu kulibe?"

"Liliko, agogo."

"Ndiye unaonapo ndani akulimbana nalo ndi mkondo? Kabambo kakoka n'kopusa. Kakufa chifukwa cha matama."

"Nanga katani?"

"Phulusa! Ukazunguliza phulusa linthumbu silidumpha. Limakhota."

Mayi akunyumba, amene amamvetsera ali pakhomo la khitchini, analowererapo. "Phulusa ndi lachiwiri. Choyamba umanyamula mwana n'kumuika pamwamba. Amuna mumangothamangira moto, mwana ali pansi."

"Amayi, phulusalo likhale lotentha," anatero aneba.

"Lozizira limagwiranso, bola likhale louma."

"Kwathu timathira lotentha."

"Kwanu kumeneko n'chifukwa munathawako."

Aneba anaseka mpaka kutsokomola. Ine manyazi anandigwira. Ndazunguliza phulusa pa khola la nkhuku kuyambira ndili mnyamata, koma masiku onsewa ndimaganiza kuti zimenezo si za m'kompyuta. Ndimaona ngati m'kompyuta mumayenera mikondo.

Mwana wanga sanaseke. "Gemu yopanda kumenyana angaisewere ndani? Anthu amafuna kubaya."

"Abaye kangaude," anatero aneba. "Apa athawe. Amene sadziwa kuthawa asafike kwawo."

Mwanayo analuma chala. Kenako anafunsa, osayang'ana aliyense, "Munthu wa msinkhu umenewu phulusa angalitenge kuti?"

"Pamene tinatentha mapesi," ndinayankha. "Mulu ulipo, mizere iwiri kuchokera pa chulu."

"Anganyamulire mu chiyani?"

"M'khoko la mtedza," anatero mayi ake.

Mwanayo anatenga kope langa n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake. Aneba anatsanzika iye osamva. Pochoka anandiuza kuti ndikafuna kugona m'munda mwawo ndizigona, bola ndizizulako udzu.

Kuyambira tsiku limenelo mwana wanga anasiya kuyankhula zopita kwa azakhali, ngakhale sananene kuti wasintha maganizo. Amayamba ntchito tisanapite kumunda, timamupeza pomwepo pobwera. Ine ananditumanso kuchulu ndi chitini cha phulusa kuti ndikaone zenizeni. Ndinathira mzera patsogolo pa linthumbu. Zoyambirira zinafika, zinaima, zinagundana mitu, kenako gulu lonse linakhotera kumanzere. Pamene ndinasiya mpata wa chala chimodzi, zinaupeza nthawi yomweyo. Pamene dothi linali lonyowa, phulusa linagwira kanthawi kochepa chabe. Zonsezi anaziika m'gemu. Batani lobayira analisiya, koma wobaya linthumbu amafa.

Sabata yomaliza kunagwa mvula ya masiku anayi osaona dzuwa. Sola yathu ndi yaing'ono, inalephera. Ndinakulunga laputopu m'mapepala a pulasitiki, n'kumapita nayo pa njinga ku sitolo za pamsika kumene amatchaja mafoni. Msewu unali phala. Ndimakankha njinga theka la ulendo, kudikira batire idzaze, n'kubwerera. Batire imeneyo imakhala maola atatu okha. Tsiku lina ndinapita kawiri. Mwana anati, "Ababa, mudwala." Ndinati agwire ntchito yake.

Madzulo a tsiku lomaliza, dzuwa lisanalowe, anandiitana kuti ndisewere kuchokera poyambira. Ndinayendetsa tianthu tija. Tinamwa madzi pa tsamba, tinazemba chiswamphika, tinawoloka khwawa. Ndinakweza kamwana pa phesi. Ndinatunga phulusa m'khoko maulendo anayi, n'kuzunguliza. Linthumbu linafika. Ndinachotsa zala pa mabatani. Linaima, linakhota, linadutsa lonse, ife tili m'kati. Tianthu tinatsika n'kulowa m'una wakale wa nkhululu. Pagalasi panalembedwa kuti tagona bwino.

"Yatha," ndinatero.

"Sinathe. Dinani kuti mupitirize."

Ndinadina. Galasi linada.

"Mwaona? Kutsogoloko kulibe kanthu. Phokoso la mvula sindinaike. Kamayi kakamathamanga miyendo siiyenda, kamangotsetsereka. Nthawi zina nyerere imodzi imalowa m'dothi n'kutulukira m'kati mwa phulusa, sindikudziwa chifukwa chake. Akaona zimenezo andiseka pamaso pa kalasi yonse."

"Anakuuza gawo limodzi."

"Anati likhale labwino."

"Anati likhale lako."

Anatseka laputopu n'kulowa m'nyumba. Mayi ake anafuna kumutsatira, ine ndinawagwira mkono.

M'mawa ndinadzuka, ndinapopa matayala a njinga, n'kuiimika pakhomo. Ndinatenga ndowa, bulangete, mbale ndi kapu, n'kuyamba kumanga pa kaliyala. Sindinamufunse. Ndimadziwa kuti akhoza kutuluka n'kundiuza kuti ndimasule, ndipo ndikanamasula, chifukwa si mwana woti n'kumunyamula. Mayi ake anaima ndi thumba la ufa, osadziwa ngati alibweretse.

Mwanayo anatuluka atavala nsapato, chikwama cha laputopu chili kumsana. Anaima n'kuyang'ana mmene ndamangira.

"Ababa, ndowayo igwa pa mlatho. Mwamanga mbali imodzi."

Ndinamasula n'kumanganso.

"Kope lanu lija ndatenga," anatero. "Akandifunsa za nyerere yolowa m'dothi ija ndinena kuti sindinaipeze. Akafuna aseke."

Mayi ake anabweretsa ufa. Tinayenda wapansi mpaka kumsewu, ine ndikukankha njinga, iye akundifotokozera za gawo lachiwiri: akufuna lidzakhale la tsiku limene ngumbi zimatuluka, ndipo ndidzayenera kukagona pa chulu mvula yoyamba ya chaka chamawa. Minibasi inabwera yodzaza. Kondakitala anakankhira ndowa pansi pa mpando, iye analowa laputopu ataikumbatira pachifuwa, ndipo ananyamuka.