Chambo Chimene Agogo Anapereka kwa Maloya

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, a Che Amidu, m'mphuno mwanga mumabwera fungo la makala a m'nsimbi ndi la malaya oyera otentha, iwo ali chiweramire pakhonde akuuzira phulusa kuti lisagwere pakolala, tayi wakuda akulendewera pamsomali wa chitseko. Ankagwira ntchito yoperekera zakudya pahotela ina ya mumsewu wa ku Monkey Bay, ndipo malipiro awo ndiwo ankandisunga pasukulu, poti bambo anga anapita ku Joni osabwerako. Ankanditcha "akazi anga", monga achitira agogo ndi zidzukulu zawo, ndipo ankati pakamwa ngati pangapa m'pofunika kukhoti.

Chaka ndi chaka pahotelapo pankasonkhana bungwe la maloya oona za chuma cha boma, anthu okamba za misonkho, ngongole za dziko ndi makontirakiti a misewu. Agogo ankawathirira tiyi khutu lili tcheru. Anaona kuti loya wachinyamata sakula yekha: amayamba n'kunyamulira wamkulu chikwama, amalowetsedwa m'komiti, chaka chinacho n'kubwera atapeza ntchito kuunduna. "Ndi ufundi womwewu basi," anatero agogo. Kwathu mwana akafuna kuphunzira kusoka kapena kukhoma bwato, wamkulu amapita naye kwa fundi atanyamula kamphatso. Fundi akalandira, mwanayo ndi wake, sangamukanenso.

Ndili Fomu 1 maloya aja anabweranso. Agogo anakasankha okha chambo chachikulu kwa asodzi, agogo aakazi n'kuchiwamba mosamala mpaka kufiira, n'kuchikulunga m'nsalu yoyera. Anandiveka yunifolomu ngakhale linali Loweruka. Tinalowa nthawi ya chakudya chamasana, m'chipinda chozizira, mafoloko ali ngwengwengwe. Agogo, munthu waimvi amene kumzikiti ankakhala mzere wakutsogolo, anagwada pambali pa wapampando wa bungwelo, ine n'kugwada kumbuyo kwawo.

"Bwana, pepani ndakudulani. Uyu ndi mdzukulu wanga, Asiyatu. Mutu uli bwino, pakamwa ndiye musachite kufunsa. Ndabwera kudzamupereka m'manja mwanu."

Wapampandoyo anafunyulula nsalu ija, n'kuseka. "Madala, kuno si kusimba kwa anamwali ayi. Muuzeni amalize kaye sukulu." Tebulo lonse linafa nacho chiseko. Kenaka anakodola mnyamata wina woperekera zakudya, amene agogo anamuphunzitsa okha ntchito. "Katenthetse ichi, ubweretse ndi tsabola."

Anadya tikuona. Anatsuka mpaka mutu, akuyamikira kuti chambo cha kuno n'china, ife tikadali pansi. Palibe anatiuza kuti dzukani, ndipo palibe anandiyang'ana kumaso.

Manijala wa hotela anaona zonse. Tsiku lomwelo anauza agogo kuti akhala akupemphetsa kwa alendo, avule tayi azipita. Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti maloya aja anamva, chifukwa manijalayo sananong'one. Chipinda chodzaza ndi anthu odziwa malamulo, mafuta a nsomba ya agogo akadali m'zala, koma panalibe ndi mmodzi yemwe woti anene kuti taimani, munthu sachotsedwa ntchito chonchi. Anabwerera kukakamba za kuteteza chuma cha amphawi.

Ndinalira njira yonse. Agogo ankangoyenda mwachifatse, nsalu ija ataipinda m'khwapa.

"Mukulira chiyani, akazi anga? Adya. Munthu sadya nsomba ya mwana amene wamukana."

Manja amene anazolowera kunyamula mbale za alendo anayamba kuyanika usipa wa eni ake pathandala, dzuwa la ku Mangochi likuswa mtengo. Fizi inkachedwa, ndinkabwezedwa kusukulu, ndipo anzanga anandipatsa dzina loti loya wa chambo. Ndikakwiya, agogo ankati, "Werengani, mafundi anu akudikira." Ndinkawerengadi, koma osati kuti ndiwasangalatse mafundiwo. Ndinkafuna kukawaona maso ndi maso nditaimirira.

Nditamaliza maphunziro a zamalamulo ndinalowa bungwe lomwelo, poti khomo lina lolowera ntchito imeneyi kulibe. Ndinanyamula zikwama, ndinalemba zokambirana za komiti ya misonkho popanda malipiro, mpaka mayi wina wa m'komitimo anandiuza za mwayi wa ntchito n'kundichitira umboni. Umu ndi mmene ndinayambira kuunika mapangano a ngongole za makhonsolo. Bungwelo linandithandiza, sindingakane. Koma pamsonkhano wanga woyamba pahotela ija mlendo wolemekezeka anali wapampando wakale uja, atakalamba, ndipo analankhula nthawi yaitali za mmene bungwe lawo limatsegulira khomo ana akumudzi. Anthu anaomba m'manja. Ine sindinaombe nawo.

Nditawauza agogo za ntchito yanga, anakweza manja kumwamba. "Alihamudulilahi! Mwaona? Anthu aja ndi achilungamo, anangochedwa." Anakalengeza kumzikiti ndi kudoko, ndipo anandipatsa chambo china kuti ndikathokoze bwana wapampando uja. Chimenecho sindinamupatse. Ndinakalowera khomo lakumbuyo kwa hotela n'kuchisiya kukhitchini, ndipo achikulire awiri ogwira ntchito kumeneko amene ankawakumbukira a Che Amidu anasamba m'manja n'kudya.

Agogo anamwalira akuwatchula maloya aja m'mapemphero awo. Lero ndimakhala patebulo lomwelo, ndipo woperekera zakudya amawerama kundithirira tiyi. Mkwiyo umene agogo anakana kuusunga ndikuwasungira ine, ndipo sunazizire.